Chikuta Chopanda Amayi

Chaka chimene ndinabereka Tamanda, mvula itangoyamba ndipo misewu ya ku Tafara, kuno kudziko la anthu a Chishona, ili matope okhaokha, ine ndi bambo ake, a Lameki, tinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Sekuru Bwanali. A Lameki ndi kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, amachoka kusanache n'kubwera kutada. Sekuru Bwanali, poti sekuru ndiye agogo pa Chishona, ndi mkulu wa kwathu ku Malawi, Msilamu wa kofia yoyera, amene anabwera kuno ali mnyamata, ndipo masiku ano amasoka nsapato pansi pa mtengo wa mapeyala pageti pawo. Zambiri zimene ndalembazi ndi mawu awo, monga ndinawamvera ndili kuseri kwa chitseko. Sukulu sindinapite nayo patali, koma makutu anga sataya kanthu.

Nditatuluka kuchipatala, apongozi anga aNaphiri anabwera kuchokera ku Lochinvar, kumene amagulitsa tomato pafupi ndi mafakitale, nati mwana ndi make alowe m'chikuta monga mwa mwambo wa kwathu: asatuluke, asaonedwe, munthu asalowe, kuopa kuti mwana angatsempheke ndi anthu otentha m'thupi. Anatseka chitseko, iwo n'kubwerera kumsika wawo, poti tomato sadikira munthu, ndipo ankangobwera kudzasiya chakudya ndi kuchapa matewera. Mchombo wa mwana unagwa, koma chitseko sichinatseguke, chifukwa pofika pamenepo ine ndinali nditasintha. Tulo tinandithawa. Ndinkangolira popanda wondimenya. Mwana akalira ndinkaopa kumunyamula, ndikuganiza kuti manja angawa amugwetsa. Tsiku lina apongozi anandipeza nditakhala pakona, nditatseka makutu, mwana akulira pabedi mpaka kusasa mawu, ndipo mlandu unagamulidwa pomwepo: mwana apita nawo ku Lochinvar akamwe mkaka wa m'chitini, ine andiperekeze kwa mneneri wina wa kutchire, kumene ovuta amawamanga chingwe pamtengo kufikira chiwanda chitatuluka. Kombi ya kuntchito kwa a Lameki inali yoti idzatitenge Loweruka masana.

Loweruka lija m'mawa ndinamva benchi ikukwekwesedwa pansi mpaka inaima pansi pa windo langa. Anali Sekuru, ati pageti pachuluka dzuwa, chonsecho kumwamba kunali mitambo. Pabwalo panali apongozi akupinda zovala za mwana m'chikwama, a Lameki atakhala pandowa yovundikira, Mai Tinashe, mayi wamasiye wa Chishona amene amachita lendi chipinda choyandikana ndi chathu, ndi achinyamata angapo odikira nsapato zawo. Sekuru anakoka ulusi paphula, natsokomola, nayamba mokweza kuposa masiku onse.

"Kale, ana inu, mzinda uno ukadali ndi dzina lachizungu, ndipo ife a ku Nyasalande tikuyenda ndi chitupa m'thumba ngati mtima wachiwiri, ine ndinatopa ndi fodya wa mzungu papulazi, ndipo ndinapeza ntchito pachipatala china cha odwala misala. Dzina lake lisiyeni. Ntchito yanga inali kusambitsa odwala, kuwameta, kuwagawira phala, ndi kugwira amene wayamba ndewu, ndipo anandilemba chifukwa cha mapewa awa, amene lero mukuwaona ngati hang'ala ya malaya. Musaseke, iwe wa nsapato yoyasamayo, nawenso udzafika.

"Pachipatalapo panali chipinda chophunzitsiramo anamwino, ndipo ine ndinkaperekezako odwala kuti ophunzira awaone, n'kuima kumbuyo kudikira. Pakhoma panali zithunzi za akuluakulu akalekale a ntchito imeneyi, koma mayina awo ankatipota lilime, ndiye ife a m'wodi tinawapatsa athu. Sisitala wophunzitsa ankabwereza nkhani zawo chaka ndi chaka kwa ophunzira atsopano, ophunzirawo n'kumapita, koma ine ndili pomwepo ngati chitsa, mpaka nkhanizo zinamera mizu m'mutu muno.

"Woyamba, chakukhomo, tinkamuti Wamaunyolo. Ameneyu anali dokotala wa ku Falansa, nthawi imene anthu a kumeneko anaukira mfumu yawo. Musamayese kuti nkhanza zinayambira kuno, ana inu. Kwa azungu komweko, masiku amenewo, wodwala misala ankamumanga unyolo kukhoma, m'chipinda chamdima, pa udzu wonyowa, ndipo ena ankakalamba ali pomwepo. Tsono mkuluyu atafika anayamba chinthu chachilendo: ankakhala pansi n'kumawafunsa mmodzimmodzi kuti matenda anayamba liti, anayamba bwanji, kwanu n'kuti. Anapezanso kapitawo wa m'wodi ndi mkazi wake amene anali atayamba kale kusamala odwala mwaulemu, ndipo anamvana, maunyolo n'kuyamba kumasulidwa. Anthu ankaopa kuti omasulidwawo apha anthu, koma chinaoneka n'china: ambiri amene ankabangula usana ndi usiku ankabangulira unyolo womwewo. Inu nomwe mukudziwa, galu wokhalira pachingwe ndiye amaluma."

Apongozi anasiya kupinda. Ndinamva chikwama chikugwa pansi.

"Sekuru, ngati mukunena ine, nenani poyera. Ine sindinamange munthu unyolo."

"Ndikunena za ku Falansa, aNaphiri. Inu munafikako ku Falansa?"

"Ine ndinafika ku Mbare basi."

"Ndiye si inu. Pindani zovala zanu mwamtendere."

Achinyamata aja anaseka chamumtima, poti apongozi anga si munthu womuseka poyera. Sekuru anapitiriza.

"Pakati pa khoma panali Wandevu, ndudu yaikulu kudzanja, maso ngati wapolisi wofunsa chitupa. Ameneyu analibe unyolo, analibe jakisoni. Ankagoneka wodwala pasofa, iye n'kukhala kumutu kosaonekera, n'kumusiya alankhule chilichonse chobwera m'maganizo, maloto omwe, zaubwana zomwe, zamanyazi zomwe. Mmene ndinamvera ine, ankaphunzitsa kuti munthu ali ngati nyumba yokhala ndi chipinda chokhoma, chimene mwini wake sadziwa zimene zili m'katimo, koma fungo lokha limatuluka n'kumavutitsa nyumba yonse. Zina zimene ankanena za ana ndi makolo awo sindingazibwereze pano, pali mayi ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo sisitala yemweyo ankati madokotala ambiri anazikana. Koma chimodzi chinatsala mpaka lero: kuti mawu nawonso ndi mankhwala, ndipo khutu ndi chipangizo cha dokotala monga mpeni."

"Saka ankalipidwa chifukwa chongomvera?" anatero Mai Tinashe, ndi Chichewa chawo chosakaniza chija. "Ine ndimamvera za anthu pampopi tsiku lonse, palibe wondipatsa kana sopo."

"Inu simumvera, Mai Tinashe. Inu mumaoda kuti mukagulitse."

"Maiwe, Sekuru! Nsapato zanga ndizipititsa kwina."

"Pititsani, n'zomwe zija zandithera ulusi. Tsono panalinso Wagalu, wa ku Rasha, ndevu zoyera ngati za shehe. Ameneyu tinkamuseka kwambiri. Ati ankapatsa agalu chakudya pambuyo pa kaphokoso kena, tsiku ndi tsiku, mpaka agalu anayamba kuchucha dovu pongomva kaphokosoko, mbale isanafike. Ife tinkati mzungu wasowa ntchito, mwana aliyense wa kumudzi akudziwa zimenezo. Koma ndinadzasiya kuseka nditaona m'wodi mwathu momwe: ine ndikamabwera, makiyi akulira m'chiuno, odwala ena ankayamba kunjenjemera ndisanawakhudze, ndisanalankhule, ngakhale ndanyamula phala. Thupi limaphunzira mantha lokha, mwini wake asanavomere. Ndipo chimene thupi laphunzira, lingathe kuphunzitsidwanso china, koma pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'katimo ine ndinayang'ana mwana ali gone pabedi. Ndinadziwa chimene Sekuru ankanena. Mwanayo akangoti ng'aa, chifuwa changa chinkatsekeka ndisanaganize kanthu. Ndinkayesa kuti ndine mayi woipa. Sindinkadziwa kuti zimachitikiranso ena, mpaka agalu a ku Rasha.

"Akuluakulu amene ndinawapeza pantchito," anatero Sekuru, "ankasimba za nthawi mapiritsi asanabwere, kuti phokoso la m'mawodi linkamveka mpaka kumsewu. Mapiritsiwo anatulukira ku Falansa komweko, ndipo sindingawanyoze, chifukwa ndinaona ndi maso angawa anthu amene anaiwala mayina a ana awo akuwakumbukira, n'kunyamula katundu kubwerera kwawo. Koma a nthawi imeneyo anali olemera dzanja. Munthu ankayenda mouma ngati wasenza mtsuko wodzaza, manja akunjenjemera, dovu pachibwano. A lero ndi opepukirako, ndipo anamwino amayeza, safwamphula ngati mchere wa m'ndiwo za pamaliro. Inu a lero muli ndi mwayi umene ife tinalibe, koma mwayi ukakhala pafupi umaoneka ngati mwala wamba.

"Tsono tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kunabwera mayi wina wa kwathu, aNangozo, mkazi wa munthu wa papulazi ya fodya. Anabwera pa lole, manja atamangidwa ndi luzi lomangira fodya, atangobereka kumene. Mutu unali utasokonekera, sankagona, ankalankhula yekha. Mwana anatsala kukomboni ndi mlongo wa mwamuna wake, chifukwa lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti khanda sililowa m'wodi. Mayiyu anapinda bulangete la chipatala n'kulibereka kumsana, n'kumayenda nalo uku ndi uku akuligwedeza, ndipo mkaka unkachucha mpaka kunyowetsa diresi la boma. Popeza ndinali ndekha wolankhula chinenero chake, m'mawa uliwonse ndikamagawa phala kumawodi a amayi ankandidikira pakhomo n'kundifunsa, achimwene, mwana wayamwa? Ine n'kuti sindikudziwa, mlongo wanga, papulazi n'kutali. Mawa lake chimodzimodzi. Achimwene, mwana wayamwa?

"Mankhwala anagwira, mutu unabwerera m'malo, koma anakhalitsa, chifukwa mwamuna sankapatsidwa tchuthi choti adzamutenge, fodya ali m'chigafa. Pamene ankafika kukomboni, mwana anali akuyenda. Mwamuna wakeyo ndinadzakumana naye pamaliro ena ku Mbare, patapita zaka, ndipo ndi iye anandiuza. Ati aNangozo atatambasula manja, mwana anathawa, nakabisala kuseri kwa chitenje cha azakhali ake, akuwaitana kuti amayi. Mayi uja anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Misala inachira, ana inu, koma bala linalo silinapole mpaka analowa m'manda."

Sekuru anasiya kukoka ulusi. Ndinamva a Lameki akufwenthera, iwo amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro a bambo awo.

"Patapita nthawi sisitala anapachika chithunzi china, dokotala wa ku Mangalande, ife tinamuti Waana. Iye anatsata ana olekanitsidwa ndi amayi awo, m'zipatala ndi m'nyumba za ana amasiye, ndipo anaona kuti mwana amayamba n'kulira mokuwa, kenako amataya mtima, kenako amangoti phee ngati wazolowera, anthu n'kumayamika kuti wakhala mwana wabwino, chonsecho m'kati china chaduka. Nditamva zimenezo ndinakumbuka bulangete lija. Makolo athu ananena kale kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma zinatengera munthu wa taye kuti zipatala zimve.

"Ndipo panali mmodzi amene analibe chithunzi, chifukwa khoma la nthawi imeneyo silinkalandira nkhope yakuda. Za iyeyu ndinazimva kwa dokotala wina wachinyamata, munthu wathu, dziko litatsala pang'ono kusintha. Ati ku Nigeria kunali dokotala wakuda, wophunzira kunja, amene atabwerera kwawo anaona kuti munthu wa kuno ukamuchotsa pakati pa anthu wamuwonjezera matenda. Ndiye anapempha midzi yoyandikana ndi chipatala kuti izisunga odwala m'nyumba zawo, wodwala aliyense ali ndi mbale wake womuperekeza, masana akupita kuchipatala kukalandira mankhwala, madzulo akubwerera kukadya m'mbale imodzi ndi anthu. Asing'anga a m'midzimo sanawanyoze, ankakhala nawo pansi. Ndipo anthu ankachira. Mukaona bwino, ana inu, akuluakulu onsewa, kuyambira Wamaunyolo, ankakankha chinthu chimodzi, aliyense ndi phewa lake: chitseko."

Apa apongozi analankhula, koma mawu awo sanali olusa aja. Anali ngati atuluka pansi pa mtima.

"Zonsezo n'za madokotala, Sekuru. Ine ndatsata za makolo. Mwana wanga woyamba, mkulu wake wa Lameki uyu, anamwalira papulazi asanakwane mwezi. Anthu anati watsempheka, chifukwa pakhomo panga panali polowa aliyense. Ndinalumbira kuti mdzukulu wanga sindidzamutaya chotero. Ndalakwa pati?"

Ndinamva Sekuru akuika nsapato pansi.

"Simunalakwe pokonda, aNaphiri. Koma inu munabadwira papulazi, ndipo mwambo munaulandira utang'ambika kale, ngati chitenje chodutsa pawaya waminga. Ine ndinauona wathunthu. Mayi anga atabereka mlongo wanga, kwathu ku Dedza, ine ndi bambo anatithamangitsa m'nyumba, tikagone kwina. Chitseko chinatsekedwa, inde. Koma ndikamadutsa kuseri kwa nyumba ndinkamva chiyani? Phokoso! Azakhali anga momwemo, agogo momwemo, anamkungwi momwemo, wina akutongola chimanga, wina akuswa mtedza, miseche ya mudzi wonse, kuseka mpaka bambo anadandaula kuti nyumba yawo yasanduka msika. Mayi sanagwire munsi, sanatunge madzi, ndipo mwana akalira manja anali ambiri, iwo n'kugona. Wina akaona kuti mayi akuyang'anitsa khoma, ankamuyambitsa nkhani, kumusambitsa, kumuseketsa. Chikuta chinkatsekera kunja amuna ndi alendo, koma m'katimo munkadzaza amayi. Kuno kutauni tasunga chitseko, amayi tawataya, onse apita kukaoda tomato kusanache. Si mlandu wanu, ndi njala ya m'tauni imene inatulutsa amayi m'chikuta. Koma chotsalacho si chikutanso. Ine ndinagwira makiyi zaka zambiri, chipinda chotsekera munthu yekha ndimachidziwa ndikachiona."

"Nanga anthu otentha?" anafunsa apongozi.

"Akuluakulu ankadziwa woyenera kulowa, ndipo sankasowa."

"Kana ndi zimenezo, ine ndilipo," anatero Mai Tinashe. "Baba Tinashe, amuna anga, anamwalira kalekale. Ine ndinazizira kuposa firiji ya kubutchala."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzutsa mwana. Ndipo nthawi yomweyo kunja kwa geti kombi inaliza hutala.

Ndinamva ndowa ikugwa, a Lameki aimirira. Sekuru anatsitsa mawu, koma windo langa lilibe galasi limodzi, ndinamva zonse.

"Lameki, mwana wanga, ine si dokotala, ndine wosoka nsapato. Koma pakiliniki yathu pomwepa pali benchi pansi pa mtengo, pamakhala amayi achikulire ophunzitsidwa kumvera, ndipo anayambitsa ndi dokotala wa mumzinda uno, mwana wa konkuno. Pa Chishona matendawa amawati kufungisisa, kuganiza kopitirira muyezo. Anamwino akaona kuti pafunika mapiritsi kapena dokotala wamkulu, anena okha, ndipo mayi amapita mwana ali kumsana. Kupemphera pempherani, ine ndimagwada kasanu patsiku, koma Mulungu safuna chingwe kuti amve. Mkazi ndi wako, mwana ndi wako. Ine ndangosimba za kale."

Mwana anali akulira, chifuwa changa chinatsekeka monga mwa masiku onse. Koma m'makutu mwanga munali mayi uja wa bulangete: achimwene, mwana wayamwa? Ndinadzuka pakona paja, ndinamunyamula Tamanda, wolemera ngati thumba la simenti chonsecho kanthu kochepa, ndipo ndinakankha chitseko ndi phazi. Sichinali chokhoma ndi loko. Masiku onsewo chinali chokhoma ndi mawu okha.

Kuwala kunandilasa m'maso. Onse anatembenuka. Ndikudziwa mmene ndinkaonekera, tsitsi losapesa, diresi lonunkha mkaka.

"Amayi," ndinatero kwa apongozi, "mwana musanditengere. Ndikuopa kukhala naye ndekha, zoona ndikuopa. Koma musanditengere. Khalani nane."

Apongozi anaima chikwama chili m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, anayang'ana manja anga pansi pa mutu wake. Hutala inaliranso, motalika.

"Lameki," anatero osatembenuka, "kamuuze dalaivala wakoyo azipita. Akutisokosera mwana."

Kenako anavula patapata wawo mmodzi woduka lamba, n'kumuponya pamiyendo pa Sekuru.

"Poti mwasamukira pano ndi Falansa wanuyo, sokani uyu. Ndipo musandiuze mtengo."

Ananyamula beseni la tomato limene anabwera nalo, nalowa m'chipinda chathu, nakhala pansi pakati penipeni n'kuyamba kusankha owola. Mai Tinashe anawatsatira ndi mpando wawo ndi nkhani ya mkazi wa telala wa kuseri kwa mashopu, imene sindingailembe pano. Apongozi ankati bodza limenelo, koma pitirizani. Mwana anayamwa. Kenako wina anamutenga m'manja mwanga, sindikudziwa kuti anali ndani, ndipo ndinagona dzuwa lili pamutu, tulo tofa nato, phokoso la amayi lili pamwamba panga ngati bulangete.

Sindinachire tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Lolemba tinapita kukiliniki, ine, mwana kumsana, apongozi kumbuyo akudandaula za tomato wawo. Ndinakhala pabenchi paja kangapo, ndipo mayi wa pamenepo sanandiuze kuti ndilimbe mtima, anangondifunsa chimene chikundilemera kwambiri, n'kudikira. Anamwino anandipatsanso mapiritsi kwa kanthawi, ndipo anandiuza kuti matendawa amagwira amayi ambiri ongobereka kumene, olemera ndi osauka omwe, opemphera ndi osapemphera. Panali masiku ena obwerera m'mbuyo. Apongozi anasiyira mphwawo malo awo a kumsika kwa milungu ingapo, ndipo tinkakangana za mchere, za sopo, za kasambitsidwe ka mwana, koma kukangana ndi munthu n'kwabwino kuposa kumvana ndi khoma.

Lero Tamanda akuthamanga pabwalo, amaba misomali ya Sekuru, ndipo akagwa amathamangira kwa ine. Nthawi zina ndikamuona akubwera manja ali m'mwamba ndimakumbuka aNangozo, amene sindinawaonepo, ndipo ndimawanenera kapemphero.

Tsiku lina ndinawafunsa Sekuru chifukwa chake sanangogogoda n'kundiuza ine mwini. Anati mwamuna salowa m'chikuta, ndipo mwambo sauthyola ndi nyundo, amausoka pamene wang'ambika. Kenako anatembenukira achinyamata amene sasowa pabenchi pawo, nati: "Ana inu, akuluakulu a pakhoma paja anali anthu ngati inu nomwe, ankalakwitsa, ankatsutsana, wina akumanga pamene mnzake walekezera, koma anatisiyira kanthu, ndipo makolo athu nawonso anatisiyira kanthu. Musataye chimodzi chifukwa cha chinzake. Mukaona mnzanu wasiya kugona, wasiya kudya, akuyang'anitsa khoma, musathamangire chingwe, ndipo musamangomutumizira uthenga pafoni kuti tikukupemphererani. Pitani ndi thupi lanu, mukakhale pansi, mukamvere, ndipo zikakula mumuperekeze kuchipatala dzanja lili m'dzanja. Mutu umodzi susenza denga, nanji mutu wodwala. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

Mwezi wathawu mtsikana wa nyumba yoyang'anana nafe, mdzukulu wa anthu a kwathu, anabereka mwana wake woyamba, ndipo ndinaona katani yake yosatsegulidwa, amake atapita kumsika, mwamuna kuntchito. Ndinakaitana Mai Tinashe, ndinathira mtedza m'lichero, ndinabereka Tamanda ngakhale walemera, ndipo tinanyamuka. Tikudutsa pageti, Sekuru anadzutsa mutu, ulusi uli kukamwa.

"Ulendo wa kuti, make Tamanda?"

"Kuchikuta, Sekuru."

Analavula ulusi uja, n'kubwerera pa nsapato yawo.

"Pitani. Mukachite phokoso."